Khosi lakana kupola: mukaliliritse kapena muyambe mafizo?

Khosi likapweteka masiku awiri atatu timangoti tagona molakwika, n'kutembenuza pilo. Likadutsa miyezi 3 likupwetekabe, achipatala amaliika m'gulu la ululu wamgonagona, ndipo apa m'pamene alangizi amachuluka. Wina akuti pitani kwa chiropractor akakuwongoleni mafupa. Wina akuti ayi, pitani ku mafizo. Wina akuti alipo wometa wina m'tauni amene akangokupotokolani mutu kamodzi, basi mwachira. Kuno ku Joni nkhaniyi ndi yathu kwambiri, chifukwa ntchito zimene ambirife timagwira ndi zodya khosi: telala wa ku Fordsburg wozyolikira makina kuyambira m'mawa, mayi woluka tsitsi mu saluni ku Yeoville, mlonda wosinza pampando usiku wozizira wa June, mnyamata wa njinga yamoto wosenza chisoti tsiku lonse, mayi wosita zovala za abwana patebulo lalifupi. Randi yovutikira chonchi muipereke kuti?

Ndiyambe ndi yankho. Kuliza khosi kumatsitsa ululu msanga, koma kwa kanthawi. Chimene chimagwira khosi kwa miyezi kapena chaka ndi mphamvu ya minofu, ndipo mphamvuyo palibe angakuikireni ndi manja ake.

M'khosi muli mafupa 7, achipatala amawatchula C1 mpaka C7. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ngati kathumba ka ufa, ndipo wakhala pa C1, fupa lomwe ndi kamkombero chabe. Pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa mutu, poyang'ana kumanzere ndi kumanja, kumachitika pakati pa C1 ndi C2. Chakumbuyo kwa mafupawa, mbali zonse ziwiri, kuli timfundo tolumikiza fupa ndi linzake, kalikonse kali m'kathumba ka madzi oterera. Mawu aja a "thwa" amachokera m'timfundo timeneti. Akatikoka mwadzidzidzi, mpweya wosungunuka m'madziwo umapanga thovu, monga zimachitikira mukaliza zala. N'chifukwa chake chala chimene mwangoliza kumene sichiliranso mpaka patapita mphindi ngati 20. Palibe fupa linachoka pamalo pake n'kubwezedwa. Fupa la m'khosi litagulukadi, simukanakwera takisi kupita kwa aliyense. Mukanatengedwa pa ambulansi.

Nanga bwanji munthu amatuluka m'chipindamo akumva kupepuka? Kukoka kwadzidzidziko kumadzidzimutsa mitsempha yomva ya m'timfundo ndi m'minofu, ubongo n'kutsitsa ululu, minofu yokungika n'kumasuka. Zimenezi n'zoona, si zongoganizira. Vuto ndi lakuti zimatha patapita maola kapena masiku ochepa. Lolemba mukabwerera pa makina omwe aja ndi minofu yofooka yomwe ija, pofika Lachitatu khosi lili pomwe linali.

Mayina a ntchito asakusokonezeni. Luso la chiropractic linayambitsidwa ndi D.D. Palmer ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America, mu 1895, ndipo kuliza mafupa ndiye chizindikiro chake, koma chiropractor wophunzira bwino wa masiku ano amaperekanso masewera olimbitsa. Nawonso a mafizo amagwiritsa ntchito manja: ena amaliza, ndipo ambiri amatsata njira ya Geoffrey Maitland wa ku Australia, yokankha fupa pang'onopang'ono mobwerezabwereza, mosadzidzimutsa, wodwala ali ndi mpata wonena kuti imani kaye. Choncho chofunika kuyang'ana ndi chimene chikuchitika m'chipindamo. Zilipo zitatu: kuliza, kukankha pang'onopang'ono, ndi masewera amene mumachita nokha.

Pa ziwiri zoyambazo, gulu la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo n'kumuyeza, linanena mu 2015 kuti kuliza khosi kangapo ndi kulikankha pang'onopang'ono kangapo kumapereka zotsatira zofanana, pa ululu ngakhalenso pa kagwiridwe ka ntchito. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererakonso. Pa chachitatucho umboni ndi wokhutiritsa kwambiri. Ku Minnesota, Gert Bronfort ndi anzake anatenga anthu 191 a khosi lamgonagona n'kuwagawa patatu. Zotsatira zinatuluka mu 2001, ndipo amene anachita masewera olimbitsa, kaya pamodzi ndi kuliza kaya payekha, anapeza bwino kuposa amene anangolizidwa basi. Atawatsata kwa zaka 2, kusiyanako kunalipobe. Ku Finland mu 2003, Jari Ylinen anatsata amayi 180 ogwira ntchito mu ofesi kwa miyezi 12: amene ankalimbitsa khosi ndi mapewa kunyumba ululu unawatsika kwambiri kuposa amene anangouzidwa kudziwongola ndi kuyendayenda. Ndipo ku Denmark mu 2011, Lars Andersen anaonetsa mwa anthu 198 kuti ngakhale mphindi 2 zokha patsiku, masiku 5 pa sabata kwa masabata 10, kukweza manja ndi lamba wa mphira kunachepetsa ululu wa khosi ndi mapewa. Mphindi 2. Tiyi saphsa n'komwe.

Tsono manja ali ndi malo ake. Khosi likauma moti simungathe kuyang'ana kumbuyo pobweza galimoto, kukankha kapena kuliza kumakutsegulirani mpata woti muyambe masewera osamva ululu wambiri. Imeneyo ndiyo ntchito yake, ndipo maulendo 4 mpaka 6 ndi okwanira kuonetsa ngati akuthandiza.

Choopsa chimene anthu amachinong'ona

M'mbali mwa mafupa a m'khosi muli tizibowo, ndipo m'tizibowo timeneti mumadutsa mitsempha iwiri ya magazi, kuchokera pa C6 kukwera mpaka pa C1, kenako n'kukhota kulowa m'chigaza kukadyetsa kumbuyo kwa ubongo. Pa C1 ndi C2, pomwe mutu umatembenukira kwambiri paja, mtsemphawu umakokeka mutu ukapotokoledwa mpaka pamapeto. Khoma lake la m'kati likang'ambika, magazi amaundana pamenepo, ntchintchi ya magazi n'kupita ku ubongo, munthu n'kudwala sitiroko, ngakhale ali ndi zaka 30 zokha.

Zimenezi sizichitika kawirikawiri, ndipo ofufuza amatsutsanabe kuti kuliza kumayambitsa zingati. Kafukufuku wa David Cassidy ku Ontario mu 2008 anapeza kuti odwala sitiroko ya mtundu umenewu anali atangopita kwa dokotala wamba mofanana ndi mmene ena anali atangopitira kwa chiropractor. Kutanthauza kuti nthawi zambiri mtsempha umakhala utayamba kale kung'ambika, ndipo kupweteka kwa khosi ndi mutu kumene kunamutumiza munthu kukafuna thandizo ndi chizindikiro cha kung'ambikako. Komabe bungwe la American Heart Association linanena mu 2014 kuti odwala aziuzidwa za kugwirizanaku asanalizidwe khosi. Ine ndimaona chonchi: poti kukankha pang'onopang'ono kumathandiza mofanana, palibe chifukwa cholola kupotokoledwa mwamphamvu kumtunda kwa khosi. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Adokotala, khosi musalilize, mungolikankha, ndipo ngati mukufuna kuliza lizani msana wapakati pa mapewa." Kuliza msana wapamenepo kumatsitsanso ululu wa khosi kwa kanthawi, ndipo mitsempha ija siidutsako. Kumva kuwawa pang'ono tsiku limodzi kapena awiri mutagwiridwa ndi manja si zachilendo. Koma za wometa, za mnzanu wa pantchito, za kudzipotokola nokha mutagwira chibwano ndi nkhongo, zimenezo ayi. Sanakufunseni funso ngakhale limodzi, sadziwa chimene chili pansi pa manja awo.

Ndipo mafunsowo ndi ofunika, chifukwa pali makosi ena osayenera kugwiridwa ndi aliyense mpaka dokotala ataona. Mutu wopweteka mwadzidzidzi mwa mtundu umene simunamvepo, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kulephera kumeza, dzanzi kumaso, kuyenda modzandira: zimenezi ndi za lero lomwe, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Khosi louma limodzi ndi kutentha thupi, mutu ndi kudana ndi kuwala lingakhale matenda oumitsa khosi, makamaka kwa amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika. Ululu wokwera kuchokera pachifuwa kupita kukhosi, kunsagwada ndi kumkono wamanzere mukamakwera masitepe ungakhale wa mtima. Manja akayamba kulephera kumanga mabatani, makapu akumagwa, miyendo ikulemera, ndiye kuti chingwe cha mitsempha cha m'kati mwa msana chikupanikizika. Kuonda osadziwa chifukwa, thukuta usiku ndi ululu wosaleka ngakhale mutagona zimafuna kuyeza TB ya mafupa kapena khansa. TB kuno ndi kwathu komwe si mlendo. Onjezanipo amene achita ngozi ya galimoto posachedwa, a nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, yomwe imafooketsa zomangira za C1 ndi C2, a mafupa ofooka chifukwa cha ukalamba kapena kumwa prednisone nthawi yaitali, ndi omwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Onsewa kuliza sikuwayenera.

Masewera enieniwo

Oyamba ndi onyozeka m'maso, ndipo ndi amene anthu ambiri amalakwitsa. Patsogolo pa mafupa a m'khosi, mkati kuseri kwa kholingo, pali timinofu togwira fupa lililonse pamalo pake. Mwa anthu a khosi lamgonagona timinofuti timagona tulo, ntchito n'kutsalira minofu yakunja, yomwe imatopa n'kukungika. Gwendolen Jull wa ku University of Queensland ndiye anafufuza kwambiri za kudzutsa timinofu timeneti. Gonani chagada pansi, mawondo opinda, thaulo lopinda kunkhongo lokhuthala ngati zala ziwiri kuti nkhope iyang'ane kudenga mowongoka. Lilime likhale kumwamba kwa m'kamwa, mano asakhudzane. Tsono gwedezerani mutu pang'ono kwambiri, ngati mukuvomereza mawu a mkulu mwaulemu, maso akutsikira kumawondo, nkhongo ikutsetsereka pang'ono pa thaulo koma osanyamuka. Ikani zala pa mnofu wautali uja wochokera kuseri kwa khutu kutsikira pamwamba pa chifuwa. Ukalimba ngati chingwe, mwapitirira. Bwererani pang'ono mpaka ufewe. Gwirani masekondi 5, kasanu, kawiri patsiku, n'kumakwera mpaka masekondi 10 kakhumi. Zolakwika zake ndi zinayi ndipo zimabwerezabwereza: kunyamula mutu, kukanikiza nkhongo pansi mwamphamvu, kugwira mpweya, ndi kuluma mano. A mafizo amaika pansi pa khosi kathumba ka mpweya kokhala ndi geji ngati yoyezera BP, kopopedwa pa 20 mmHg, n'kukuuzani kuti mukweze muvi pa 22, 24, mpaka 30. Ambiri amayamba akulephera kugwira pa 24 osagwiritsa minofu yakunja. Ulendo umodzi wokha wophunzira zimenezi ndi ndalama yogwira ntchito.

Pakatha masabata awiri onjezani okankhana ndi dzanja. Mutakhala mowongoka, chibwano chobwezedwa pang'ono, ikani chikhatho pamphumi n'kukankha mutu osalola kuti usunthe, masekondi 5 mpaka 10, kasanu. Chitani chimodzimodzi kunkhongo ndi mbali zonse ziwiri. Yambani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zanu. Amene amayamba ndi mphamvu zonse amadzuka m'mawa mutu ukupweteka n'kusiyiratu.

Khosi limakhala pa mapewa, ndiye mapewa akakhala ofooka khosi limasenza za eni. Apa m'pofunika kulemera kwenikweni. Lamba wa mphira amagulitsa m'mafamase ndi m'masitolo a zamasewera, koma chubu chakale cha njinga chimagwiranso. Muzichiyang'ana ming'alu tsiku lililonse, chifukwa chikaduka chimalunjika m'maso. Mabotolo a madzi nawonso ndi abwino, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Imirirani, botolo dzanja lililonse, zigongono zopinda pang'ono, kwezani manja chammbali koma molozera patsogolo pang'ono, kufika pa msinkhu wa mapewa basi. Masekondi 2 pokwera, masekondi 2 potsika. Mapewa asakwerere kumakutu. Akakwera ndiye kuti botolo lakulemerani. Kenako mangani lamba pa zitsulo za pawindo, pa msinkhu wa chifuwa, kokerani zigongono kumbuyo ngati mukupalasa bwato, mafupa a kumbuyo kwa mapewa akuyandikana, chibwano osatsogola. Aliwonse chitani ka 10 mpaka 12, magawo atatu, masiku atatu pa sabata olumphitsa. Mukayamba kufika ka 15 osatopa, onjezani madzi kapena fupikitsani lamba. Apa m'pamene mafizo ambiri amafera: munthu amachita ndi botolo lomwelo la theka la lita kwa miyezi 6, n'kumati mafizo sagwira. Mnofu sukula ngati katundu sakukula.

Womaliza ndi wa pampando. Khalani pa mpando wa msana waufupi, wofika pakati pa mapewa, manja atagwirizira nkhongo, tsamirani chakumbuyo kuti msana wapamtunda upindikire pa mpandowo, ka 8 mpaka 10. Matelala ndi oluka tsitsi, amenewa ndi anu, katatu patsiku.

Ululu pochita masewera muziuyeza pa 0 mpaka 10. Kufika pa 3 kapena 4 palibe vuto, bola utabwerera pomwe unali pasanathe maola 24. Ukapitirira mawa lake, chepetsani kulemera ndi theka koma musasiye. Ululu ukamathamangira kumkono ngati magetsi, dzanzi likamakula, kapena mukamva chizungulire, siyani mukaonedwe. Masabata awiri oyamba minofu imawawa ndipo palibe chooneka. Kusintha kumayamba kuoneka pa masabata 6 mpaka 8, kumakhazikika cha pa masabata 12, ndipo mukasiyiratu mphamvu imabwerera pansi. Kawiri pa sabata n'kokwanira kuisunga.

Za kuntchito ndinena mwachidule, poti aliyense amadziwa pamene pakumupweteka. Kakhalidwe kamodzi kwa maola ndiko kamawononga, ngakhale katakhala kowongoka. Nyamukani mphindi imodzi pa mphindi 30 zilizonse. Telala aike nyali pafupi ndi singano, chifukwa kuzyolika kwambiri kumabwera ndi kusaona bwino. Woluka akhazike kasitomala pa mpando waufupi kuti zigongono zisakwere. Tebulo lositira likhale pa msinkhu wa chiuno. Woyendetsa galimoto akweze chotsamira mutu kuti pamwamba pake palingane ndi pamwamba pa mutu. Pogona chammbali pilo adzaze mpata wa pakati pa khutu ndi phewa. Kugona chafufumimba kumasiya khosi lopotoka usiku wonse. Kuthowa ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu, mphindi 15 mpaka 20, kumathandiza musanayambe masewera. Kolala ya siponji ija musaivale masiku ambiri, imangoonjezera kufooka.

Mankhwala nawonso ndi msampha. Paracetamol asapitirire magalamu 4 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo muwerengere ndi amene ali mu Grand-Pa, yomwe ili ndi paracetamol, aspirin ndi caffeine pamodzi. Ibuprofen ndi diclofenac amavuta kwa a zilonda za m'mimba, a impso, a BP ndi amayi oyembekezera. Amene mukumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, kumwa ibuprofen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku kumalemetsa impso. Funsani a nesi anu kaye. Ndipo opha ululu omwedwa masiku opitirira theka la mwezi, mwezi ndi mwezi, amayambitsa okha mutu wosatha.

Kopita kuno ku Johannesburg

A mafizo amalembetsedwa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala la HPCSA, ma chiropractor ku bungwe lina la AHPCSA, ndipo dzina mungathe kuliyang'ana pa intaneti musanapite. Wopanda nambala ya limodzi mwa mabungwe awiriwa asakugwireni khosi. Kwa a mafizo olipira mungathe kupita popanda kalata ya dokotala. Ku boma mumayamba ku kiliniki ya dera lanu, n'kupempha kalata yopita ku mafizo. Zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi nthambi zimenezi. Maulendo a ku boma amatalikirana, koma kwa khosi lamgonagona si vuto lalikulu, poti ntchito yambiri ndi ya kunyumba. Za chiropractic m'dziko muno zimaphunzitsidwa ku University of Johannesburg ndi ku Durban University of Technology, ndipo ku Doornfontein kuli kiliniki yomwe ophunzira a zaka zomaliza amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, pa mtengo wotsikirapo.

Ulendo woyamba wabwino umadziwika msanga. Amakufunsani nthawi yaitali asanakugwireni, za ntchito, za mankhwala, za chizungulire ndi ngozi zakale. Amayeza mphamvu ya manja, kumva kwa khungu, ndi kugogoda mitsempha ndi kanyundo. Amakuuzani chimene akufuna kuchita n'kupempha chilolezo. Mumatuluka ndi masewera awiri kapena atatu oyambira. Chizungu chikakuthamangirani, lembani zizindikiro zanu papepala musananyamuke, ndipo pemphani kuti wina akujambuleni kanema pa foni yanu mukuchita masewerawo pamaso pawo. Kapepala ka zithunzi kamasowa, ndipo sikaonetsa liwiro.

Woipa nayenso amadziwika. Amakugulitsani maulendo 20 kapena 30 olipiriratu. Amati kuliza kuchiza BP, mphumu kapena kusabereka. Amapachika X-ray pa nyali n'kukuopsezani ndi mafupa operepeseka, pomwe zimenezo zimapezeka mwa anthu ambiri opitirira zaka 40 amene khosi siliwapweteka n'komwe, monga imvi. X-ray ndi MRI zimafunika pakakhala ngozi, zizindikiro zoopsa zija, kapena mkono ukufooka.

Tsiku loyamba lembani zinthu zitatu: ululu pa 0 mpaka 10, mphindi zimene mumagwira ntchito ululuwo usanayambe, ndi kangati mumadzuka usiku chifukwa cha khosi. Yezaninso pakatha masabata 6. Ngati mwachita masewera mokhulupirika, mukuonjezera kulemera, koma palibe chimodzi mwa zitatuzi chasuntha, bwererani ku kiliniki ndi kapepalako, mukapemphe kuonana ndi dokotala.